A Malume Laisoni ndi Bokosi Lopepuka

A malume Laisoni tinawaika masabata awiri apitawa, ndipo ine sindinalire monga amayenera kulirira mwana wa mlongo wawo. Amayi a kumpingo ankandiyang'ana cham'mbali, ndinawaona ndithu. Ayang'ane. Misozi ndinali nayo, koma inasakanikirana ndi mkwiyo wa zaka zoposa makumi atatu, ndipo ziwirizi zikakumana pakhosi palibe chimatuluka. Amene analira mpaka kusasa mawu ndi alamu anga a Enelesi, mkazi wa malemu achimwene anga a Fesitoni. Ameneyo ndiye munthu amene a malume anakana kumusudzula mpaka tsiku limene anatseka maso.

Kwathu kuno mwamuna akamwalira, pakapita nthawi mbumba ziwiri zimakhala pansi. Mwinimbumba wa kuchimuna amaimirira n'kunena kuti mwana wathu wapita, mwana wanu nayu, ndi mfulu, akapeza womukonda akwatiwe. Ndi mawu osakwana mphindi ziwiri. Koma popanda mawuwo palibe mwamuna wa nzeru zake amene angalowe m'nyumba ya mkaziyo. Amati ukatero umatupa miyendo, kapena malemuyo amakubwerera kutulo. Inu mukhulupirire musakhulupirire, amuna a ku Zomba amakhulupirira. Mwinimbumba wathu anali a malume Laisoni, mlongo wawo wa amayi anga, ndipo mawu amenewo anawatsekera m'kamwa.

Anali ocheka matabwa kuphiri. Ndikati kucheka sindikunena makina a masiku ano olira ngati njinga yamoto ayi. Ndikunena sowo yaitali ya anthu awiri, wina pamwamba pa chipika, wina m'dzenje utuchi ukumugwera m'maso. Ankachoka kwathu ku Mbedza m'mamawa ndi mbatata yootcha m'thumba, n'kutsika dzuwa litapendeka, matabwa anayi pamutu, akuthamanga kaliwiro kaja ka anthu a kuphiri, mawondo okha akugwira ntchito. Pamene pankakhala nkhata tsitsi linasiya kumera. Khosi linali lalifupi ngati analikhomera m'mapewa.

Chimene ankanyadira ndi dzanja lawo. Akanyamula thabwa mbali imodzi, atatsinzina, ankakuuzani ngati ndi paini, bulugama kapena mkungudza, ngati lauma kapena likadali ndi madzi. Akalipentala a m'tauni ankawayesa dala, kuwapatsa thabwa lopaka penti, koma sanawakolepo. Azimayi popita kuchigayo ankaima pakhomo pawo kuti awanyamulire thumba m'malo mwa sikelo. Ankakonda kunena kuti maso amanamizidwa, makutu amanamizidwa, koma khosi la munthu wosenza palibe amene angalinamize. Mawu amenewa tinawamva mpaka kutopa nawo.

Mowa sankamwa, fodya sankasuta, koma makani okha anali nawo okwanira mudzi wonse. Chaka china anakana kukhala pabenchi yatsopano m'tchalitchi, ati matabwa ake ndi aawisi, ipindika. Akulu a mpingo anati akunyoza ntchito ya Mulungu. A malume anapemphera choimirira kumbuyo miyezi inayi, mpaka benchiyo inapindikadi, ana n'kumatsetserekera pakati ulaliki uli mkati. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangobwera Loweruka ndi matabwa awo ouma n'kukhoma ina, ndipo kukhala chete kwawoko kunawawa kuposa chipongwe. Munthu wotero akanena chinthu pagulu, anthu amasiya kuganiza okha.

Akazi awo anamwalira osawasiyira mwana, ndipo sanakwatirenso. Bambo athu anapita ku Joni ine ndikuyamwa, n'kutchona komweko. Ndiye a Fesitoni, mwana woyamba wa amayi, anasanduka mwana wa a malume. Achimwenewo anali chimunthu chachitali, oseka ndi thupi lonse, okonda kuimba mluzu paliponse, ngakhale pamaliro, mpaka amayi kuwatsina. Atasiya sukulu analowa m'dzenje, a malume ali pamwamba, ndipo anameza utuchi zaka zinayi. Tsiku lina chipika chinagubuduka n'kuwaphwanya phazi. A malume anawabereka kumsana kuchokera pamwamba pa phiri mpaka kuchipatala, osawatsitsa ngakhale kamodzi. Kuyambira pamenepo ankawaseka kuti amalemera thumba ndi theka la chimanga, ati theka lakelo ndi mbatata zakuba za m'munda mwa amayi.

Phazi litapola, ndi a malume omwewo amene anawaperekeza kukalembetsa usilikali. Ankati sowo imadya chifuwa cha munthu, mwana wawo akavale yunifolomu, azikadya zabwino. Zimenezi sanazitchulenso pambuyo pake, koma ife tonse tinkazikumbukira.

Usilikali unawayanja achimwene. Akabwera kumudzi ana ankawatsatira chogubaguba, iwo n'kumawalamula ndi mawu aakulu, kenako kuwagulira nzimbe. Anabweretsera a malume jombo, zimene a malumewo ankavala Lamulungu lokha. Anakwatira a Enelesi a ku Songani, mtsikana wamanyazi amene anamupeza akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu, nakakhala naye kubalaki. Mwana wawo Mphatso anali ndi miyezi isanu ndi umodzi pamene achimwene anatumizidwa ku Mozambiki kukalondera njanji, nkhondo ya kumeneko ili pakolasinga. Kalata inabwera imodzi yokha. Ankadandaula za udzudzu ndi nyemba zosapsa, n'kufunsa ngati Mphatso wamera mano.

Uthenga unafika Lolemba. Bokosi linafika Lachinayi m'mawa palole ya asilikali, litakutidwa ndi mbendera, lokhomedwa misomali kuzungulira. Mkulu wawo, wa nyenyezi paphewa, ananena mwaulemu kuti mwambo woona nkhope sukhalapo. Amayi anagwada n'kumugwira nsapato kuti angoona ngakhale chala chokha. Iye anati, "Pepani mayi, sizitheka." Sindimunamizira, naye maso ake anali ofiira.

Manda athu ali kutsidya kwa kamtsinje. Asilikali asanu ndi mmodzi ananyamula bokosi, akuponda pang'onopang'ono monga amachitira, koma potsikira kumadzi mmodzi anaterereka. A malume anali pafupi. Mwinimaliro sanyamula bokosi, aliyense amadziwa, koma iwo analowetsa phewa asanaganize n'komwe, monga munthu amene moyo wake wonse wakhala akuwakha matabwa akugwa. Anayenda nalo mapazi ngati makumi awiri. Ine ndinali kumbuyo kwawo, ndinaona khosi lija likuwongoka. Msilikali uja atabwerera pamalo pake, a malume anatsala ataima m'madzi, akuyang'ana phewa lawo.

Mfuti zitalira, lipenga litalira, inafika nthawi yoti mwinimbumba athokoze anthu. A malume anaima pamutu pa dzenje, thalauza ikadali yonyowa.

"Bokosi ili ndi la paini wouma," anatero. "Kulemera kwake ndikukudziwa. Fesitoni ndinamuberekapo kuchokera pamwamba pa phiri ilo, kulemera kwake ndikukudziwanso. M'bokosi umu mwana wanga mulibe. Kwirirani popeza mwakumba kale, koma ine lero sindinaike munthu."

Mkulu wa asilikali anayang'ana pansi osayankha, ndipo anthu ananong'onezana kuti mwaona, wavomera. Abusa anayambitsa nyimbo msangamsanga. Amayi anasiya kulira pomwepo ngati wina watseka mpopi. Pobwerera anayenda okha osagwiriziridwa, ndipo tsiku lometa anakana lumo, ati sangamete mwana ali moyo.

Mphekesera sizinachedwe. Ena ati achimwene anagwidwa ndi zigawenga, ena ati wina anawaona kumalire atasiya ndevu. Chaka choyamba a malume anakwera sitima kawiri kupita kumalire ku Nayuchi, chithunzi chili m'thumba la jekete, kukafunsa anthu othawa nkhondo. Chaka chachiwiri anasiya kupita. Tinkayesa atopa ndi ulendo.

A Enelesi okha ndi amene sanakhulupirire ngakhale tsiku limodzi. Sabata yomwe ija ya maliro tikuchapa matewera a Mphatso kumtsinje anandiuza, osandiyang'ana, kuti akazi a kubalaki amadziwa. Bokosi likabwera lokhomedwa, ndiye kuti munthu anaponda bomba lokwirira pansi, ndipo chimene chatsala si choti mayi wake aone. A Enelesi anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Nyumba ya kubalaki anaisiya monga zimakhalira, nabwerera kwa makolo awo ku Songani kukadikira kusudzulidwa.

Chaka chachitatu kunabwera munthu. Anali a Mofati, telala wa pa Songani pomwepo, bambo wofatsa, wa chibwibwi pang'ono, amene ankasokera Mphatso timadiresi ta nsalu zotsala. Akuchikazi anabwera kwathu katatu kudzapempha kuti mwana wawo amasulidwe. Ulendo wachitatu a Enelesi anabwera nawo. Mkamwana sayankhula pabwalo la apongozi, koma tsiku limenelo anakwawa ndi mawondo mpaka pakati.

"Bambo," anatero kwa a malume, "ine ndinakhala kubalaki. Ndikudziwa chimene chimachitika munthu akaponda bomba. Amuna anga anafa. Ndimasuleni."

A malume sanakweze mawu. Anafunsa kuti, "Munaona nkhope?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye ine ndisudzule mkazi wa munthu wamoyo? Akatulukira mawa panjira apo, ndidzamuuza kuti chiyani?"

Amayi anali pakhomo la khitchini. Anati kwa a malume, "Auzeni, achimwene." Nkhani inathera pomwepo.

A Mofati anadikira zaka ziwiri zina. Iwo ankafuna kungowatenga a Enelesi choncho, koma amayi a Mofatiwo analumbira kuti akatero sadzapondanso pakhomo pawo, sakufuna kuika mwana wotupa miyendo. Mapeto ake anakwatira mkazi wa ku Domasi. Patapita nthawi kunabwera dalaivala wina, koma atamva nkhaniyo sanaonekenso. A Enelesi anasamukira ku Chikamveka, kuchita lendi kachipinda, n'kuyamba kugulitsa tomato mumsika waukulu. Zovala zawo ankakasoketsa kwina.

Ine pakamwa panga sipachedwa. Tsiku limene ndinamva za ukwati wa a Mofati ndinawapeza a malume pakhonde akunola sowo. Ndinawauza kuti khosi lawo si Mulungu. Ndinati mwana wa eni akuuma ali moyo chifukwa cha mapazi makumi awiri amene anayenda ndi bokosi, ndipo ngati akufuna munthu wodikira naye akhale okha, popeza kukhala okha anazolowera. Mawu omalizawo anali oipa, ndikuvomera. A malume sanadzutse mutu. Tupa inangopitiriza kulira pamano a sowo, limodzi limodzi, mpaka ndinatopa n'kuchoka. Anakhala zaka ziwiri osandipatsa moni. Ana anga ankawapatsa moni, ine ankandidutsa ngati chitsa.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri n'choti a malume omwewo ankawasamala a Enelesi. Loweruka lililonse ankatsika phiri ndi mtolo wa zidutswa za matabwa n'kukautula ku Chikamveka. Benchi yawo ya mumsika anakhoma ndi iwo, ya mkungudza weniweni, imene mpaka lero chiswe sichinaigwire. Nyengo ya zipatso ankabweretsera Mphatso mabulosi a kuphiri atakulunga m'masamba. Denga likadontha, a malume ali pamwamba. Sanawatchulepo mkazi wamasiye. Nthawi zonse ankati akazi a Fesitoni, ngakhale tsitsi la a Enelesi litayamba imvi. Anthu ankati ha, apongozi abwino. Ine ndinkati n'chimodzimodzi kumangirira mbuzi pachingwe n'kumaipatsa msipu wabwino.

Mwezi wa Novembala asilikali akamaguba kupita kuchipilala kukakumbukira anzawo amene anafa kunkhondo, a Enelesi ankapita, n'kuima kumbuyo kwa gulu atamugwira Mphatso dzanja. Amayi sankapita, ati kumeneko ndi kwa akufa. A malume tsiku limenelo ankakwera phiri, ngakhale limakhala Lamulungu, opanda sowo, opanda nkhata. Ankabwerako madzulo maso atatupa, ati utuchi. Utuchi wanji Lamulungu? Funso limeneli ndikulifunsa lero, nthawi imeneyo silinandibwerere.

Amayi anakhala zaka zisanu ndi zinayi chichitikire maliro aja. Mbale ya achimwene ankaitsuka ngakhale sinadyeredwe. Lole ikaima kumsewu ankatuluka akupukuta manja. Koma ankadya, ankalima, ankaimba kutchalitchi, nthawi zina n'kuseka ndithu. Atatsala pang'ono kutisiya anawagwira dzanja a malume nati Fesitoni akabwera amuuze kuti anamudikira. A malume anati amuuza.

Titawaika amayi ndinati tsopano zitheka. A Enelesi anali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, akanatha kukwatiwa, akanatha kubereka ena. Akuchikazi anabweranso. A malume anati nkhaniyo anayankha kale. Chiliza pamanda a achimwene anakananso.

Ukalamba unawagwira moyambira kukhosi komweko. Mitengo kuphiri inali ikutha, makina anali atabwera, ndipo tsiku lina anagwa ndi thabwa limodzi lokha panjira imene anatsikapo zaka makumi asanu. Zaka zinayi zomaliza manja ankanjenjemera moti kapu ankaigwira ndi manja awiri. Ine ndinkapita, sindikana, koma amene ankabwera tsiku ndi tsiku ndi a Enelesi. Ankasiyira mnzawo tomato, kukwera kabaza mpaka ku Mbedza, kuwaphikira phala, kuwachapira, kuwatulutsa padzuwa. Mphatso anali atakwatiwa ku Lilongwe, ankaimba foni kuwakalipira mayi ake kuti akudzivutitsiranji. Nanenso ndinawafunsa tsiku lina.

"Alamu," anatero a Enelesi, "iwo akuti ndine wa pakhomo pano. Ndiye ntchito ya pakhomo pano igwire ndani?"

Tsopano ndinene za tsiku la maliro a a malume. Titabwerako kumanda, anthu akusamba m'manja, bambo wina wachikulire wovala mzuli, wotsimphina, anandiitanira pambali pansi pa mango. Sindinkamudziwa.

"Ndinu alongo ake a Fesitoni?" anafunsa. "Ine ndine Saidi. Ndinali naye ku Mozambiki. Ndimakhala ku Mangochi, za malirowa ndamva pawayilesi."

Ndinakhala pamuzu. Che Saidi anakhala pansi nawonso, natambasula mwendo wawo wovutawo. Anati unali m'mawa, ankayenda patsogolo pa sitima kuyang'ana njanji, achimwene ali kutsogolo kwa onse akuimba mluzu. Anati achimwenewo anaponda bomba, sanamve ululu, zinachitika kamodzi.

"Ndinamutola ndine, ndi manja awa," anatero. "Ndinamukulunga m'bulangeti langa. Bulangeti limodzi linakwana, n'kutsalako."

Ndinawafunsa kuti anali kuti zaka zonsezi, bwanji akubwera lero munthu woyenera kumva ali m'dothi.

"Achemwali, ine ndinabwera kale," anatero Che Saidi. "Chaka chachiwiri chimwalirire Fesitoni, nditatuluka m'chipatala. Ndinamva zimene malume anu ananena kumanda, ndiye ndinakwera phiri ndi ndodo mpaka padzenje pawo. Ndinawauza zonse monga ndakuuzirani inu."

"Anati chiyani?"

"Anakhala pachipika. Kenako anandifunsa kuti zimene ndinatolazo zinkalemera bwanji. Ndinati ngati mwana wa zaka zisanu. Anagwedeza mutu nati, ndi momwemo." Che Saidi anavula mzuli n'kuuyang'ana mkati. "Kenako anandigwira mwendo, munthu wamkulu ngati uja. Anati mlongo wanga akudya chifukwa cha mawu amene ndinanena kumanda, mukatsika n'kukamuuza tikumba manda ena mwezi uno. Ndinalumbira kuti sindinena malume anuwo ali moyo."

Ndinawafunsa ngati ankadziwa kuti mkazi wa mnzawoyo sanasudzulidwe mpaka lero. Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Anati ankayesa anakwatiwa kalekale. Ndinawalozera a Enelesi, amene anali atawerama kuseri akutsuka mbale za anthu a pamaliro.

Chaka chachiwiri. A Mofati anabwera chachitatu. Ndiye kuti tsiku lija a Enelesi atagwada pabwalo, a malume akuwafunsa ngati anaona nkhope, ankadziwa zonse. Dzanja lawo silinaname, bokosi linalidi lopepuka. Ananama ndi mwini dzanja. Anaika mlongo wawo mbali ina, mwana wa eni mbali ina, nasankha wawo. Pamenepo ndikhoza kumvetsa pang'ono, chifukwa mlongo wawoyo anali mayi anga, ndipo zaka zimene anakhala akuseka ndinadya nawo. Koma amayi atapita? Pamenepo ndilibe yankho. Ndikuganiza kuti anali manyazi basi, manyazi a munthu amene tauni yonse inkati salakwitsa. Ndimawakonda a malume, anandilera, ndipo sindinawakhululukire.

Amuna aakulu m'mbumba mwathu anatha, ndiye anthu anati mawu aja ndinene ine. Tinakumana Loweruka lapitali pakhonde la a malume. Kuchikazi kunabwera mlongo wawo mmodzi wa a Enelesi, yekhayo amene watsala. Tonse pamodzi sitinakwane khumi. Ndinaimirira n'kunena kuti mwana wathu Fesitoni anapita, mwana wanu nayu, ndi mfulu. Mawu oti akapeza womukonda akwatiwe anandikanika, ndinawameza.

A Enelesi anawomba m'manja pang'onopang'ono. "Ndamva, alamu. Zikomo," anatero. Kenako anaseka pang'ono. "Ndiye ndizipita kuti?"

Anthu anamwa tiyi n'kubalalika. A Enelesi anatsala, ati achape zovala za malemu zisanagawidwe. Ndinakhala pakhonde ndikuwayang'ana, ndikulimbana ndi mtima wanga. Ndikanatha kukhala chete, munthu atsale ndi apongozi ake abwino. Koma pabanja pathu kubisirana chifukwa cha chifundo kwatikwana. Ndinapita pachingwe pamene ankayanika, n'kuwauza zonse za Che Saidi.

Anamvetsera atanyamula jekete yonyowa. Nditamaliza anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Mwati chaka chachingati?"

"Chachiwiri."

Anaikung'untha jekete ija, kuiyanika bwinobwino, n'kuiwongola mapewa. Anataya madzi a m'beseni n'kulivundikira. Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo, natulutsa kiyi wa nyumba ya a malume amene anakhala akumusunga zaka zinayi, n'kundiika m'manja.

"Tomato wanga ndasiyira anthu," anatero. Anatsika njira ya kumsewu osacheuka.

Dzulo ndinapita kunyumba ya a malume. Chitseko sindinatsegule. Pakhonde masamba a mango aunjikana, ndipo nkhuku za oyandikana nawo zafukula pamene pankakhala mkeka wa a malume. Kapu yawo ya phala ili pawindo, nyerere zikulowa ndi kutuluka. Beseni likadali lovundikira pamene analisiya. Pachingwe pali jekete, mathalauza awiri ndi malaya oyera a kutchalitchi, bulangeti linagwa lili m'matope. Chiperoni chazinyowetsa kawiri, dzuwa laziumitsa kawiri, ndipo palibe amene wabwera kudzazianula.